Maenje Pagolo Pakumtunda

Lolemba

Nkhani yabwino: fainolo ya chikho iseweredwa pabwalo pathu Lamulungu likudzali! Timu yathu ya kuno ku Machinjiri ikumana ndi anyamata a ku Bangwe. A Mhango, tcheyamani wa komiti ya timu, andiuza okha m'mawa uno akudikira minibasi, tayi ili pakhosi. Akuti akuluakulu oyendetsa chikho abwera Loweruka kudzayendera bwalo. "Akapeza dzenje ngakhale limodzi, a Galaundi, gemu ipita ku Bangwe. Ndakuuziranitu."

Nkhani yoipa: maenje alipo.

Bwaloli ndi langa. Papepala ayi, koma aliyense akudziwa. Chichotsedwereni ntchito ku kampani ya nsalu, chaka chomwe matipate ankayamba, ndakhala ndili pompano. Ndinazula miyala. Ndinagumula chulu chomwe chinali pakati. Ndinadzala kapinga ndi manja angawa. Dzina langa lenileni anthu analiiwala, ndine a Galaundi basi, ngakhale kutchalitchi. Palibe amandilipira, ndipo sindinapemphepo. Chomwe ndakhala ndikufuna n'chimodzi: tsiku lina padzaseweredwe fainolo, anthu adzakwere m'mitengo, wina adzafunse kuti kodi bwalo lokongolali amasamala ndani.

Okotobala uno dziko lonse lili mbuu, koma pagolo ponse pawiri pali biriwiri, chifukwa ndimathirira ndi ndowa m'mawa ndi madzulo. Ndiye akalulu apeza lesitilanti yaulere.

Akalulu ake si akutchire. Ndi oweta aja, akuda, oyera, amawangamawanga. Anali a Mayi Gondwe, nesi wopuma wa kuseri kwa bwalo, amene anawalandira ku pulojekiti ya amayi. Khola linagwa ndi mvula ya chaka chatha, akalulu n'kutsikira m'khwawa, n'kuyamba kuswana ngati pali mphoto. Wakutchire amadya n'kumapita. Awa amadya, akakhuta n'kuyamba kukumba.

Ndapita kwa Mayi Gondwe. "Anga anafa onse, adada. Amenewo sindikuwadziwa." Chitseko gwa.

Pulani:
— kubwereka mfuti ya mpweya kwa alamu ku Bangwe
— mabatire a tochi
— kuwadikira kukada, maso awo akangowala, phaa!
— kukwirira maenje
— Lachinayi kujambula mizere ndi laimu
— Lamulungu kuvala jekete

Ndatchulako za mfuti kwa a Mhango. Atseka makutu. "Zimenezo musandiuze, ndine wa m'boma ine. Sindinamve." Choncho sindiuzanso munthu. Masiku ano mbava zamfuti zachuluka, ukangooneka ndi chinthu chachitali m'saka, anthu amayamba akumenya, mafunso pambuyo.

Mayi a kunyumba akuti: "Mukapha mubwere nawo. Kapinga wanuyo sitinamudyepo chiyambire."

Lachiwiri

Ku Bangwe. Minibasi ziwiri, kusinthira ku Limbe, nkhuku ya munthu pamiyendo panga njira yonse.

Alamu a Juliyo, achimwene awo a mayi a kunyumba, asolola mfuti kunsi kwa bedi. Inali ya malemu bambo awo, ankaphera njiwa. Pakati yamangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Malangizo a alamu: "Imakokera kumanzere. Mukafuna kalulu, lozani mnzake wa kumanja."

Ndaikulunga m'saka. Pa siteji ya Limbe, mwa anthu onse a mu Blantyre muno, ndakumana ndi a Namacha, mkulu wa masapota athu. Ayang'ana ine, ayang'ana saka.

"Kuchokera kuti, a Galaundi?"

"Ku Bangwe, kwa alamu."

"Sabata ya fainolo?"

Ndati ndi mpini wa khasu.

Masana, kuyeserera kuseri kwa nyumba. Chandamale: chitini cha mafuta ophikira. Zotsatira:
— chitini chili bwinobwino
— beseni la mayi labooka
— tambala wa aneba wasamukira padenga, sakufuna kutsika

Kutangoda, pabwalo. Vuto lomwe sindinaliganizire: mfuti imafuna manja awiri, tochi imafuna dzanja limodzi, ine Mulungu anandipatsa awiri okha. Tochi ndaiika mkamwa. Tochi yake yaikulu ija ya alonda. Nsagwada zanga!

Pagolo pakumtunda maso ofiira ali mbwee, ngati makala a pambaula. Ndasankha mmodzi, ndaloza mnzake wa kumanja. Phaa! Palibe wagwa, wa kumanja kapena wa kumanzere. Mmodzi wadzutsa mutu, wandiyang'ana, wapitiriza kudya. Munthu wa msinkhu wanga kunyozedwa chotere!

Ndagwada n'kukwirira maenje ndi khasu, tochi ikadali mkamwa. Udzudzu wandidya makutu mpaka afufuma.

Lachitatu

Nsagwada sizikutsekeka bwino. Phala ndamwa ngati wodwala.

Maenje atsopano ali pompaja ndinakwirira dzulo. Dothi lofewa. Ndawachepetsera ntchito.

Kumsika kwavuta. Mayi wina wogulitsa mandasi akuti dzulo, akuchokera kokagula ufa, anaona munthu atagwada pagolo, moto ukutuluka mkamwa. Pofika masana munthuyo anali ali maliseche. Pofika madzulo anali atatu.

A Namacha abwera ndi gulu. Azungulira pagolo manja ali kumbuyo ngati apolisi. Kenako aima, alozera anthu. "Taonani bwino. Maenje onse ali pagolo, pakati pa bwalo palibe. Akumbidwa usiku. Ena akwiriridwa mwaluso, mpaka kupondaponda. Sabata ya fainolo. A ku Bangwe atikwiririra mankhwala, amangwetu."

Ndati ndi akalulu. Aseka onse, mpaka wina wakhala pansi.

"A Galaundi, ine ndakulira ku Phalombe, akalulu ndasaka ndi agalu kuyambira ndili ndi kabudula. Kalulu amagona pa udzu, sakumba. Ndipo ndi kalulu wanji wokumba dzenje n'kulikwiriranso?"

Apa ndinayenera kunena kuti wokwirirayo ndine. Koma ndikatero afunsa za moto, moto ubweretsa tochi, tochi ibweretsa mfuti, mfuti ibweretsa Bangwe.

Ndawauza kuti awa ndi oweta, oweta amakumba. Ndawauza kuti ali pagolo chifukwa ndi pokhapo pali msipu. Ndawaonetsa tindowe, tambirimbiri, tozungulira ngati nandolo. A Namacha atitola ndi kapepala, osatikhudza ndi dzanja, atikulunga bwinobwino. Akuti apita nato kwa asing'anga ku Ndirande.

Madzulo ndayeseranso. Ndafunda chitenje cha mayi kumutu chifukwa cha udzudzu. Ndawombera kangapo. Ndalasa mtengo wa golo, womwe ndinapaka penti mwezi watha. Kalulu wakuda wamkulu, ndikuganiza ndiye gogo wawo, wadutsa pafupi ndi phazi langa osathamanga n'komwe.

Ndatopa. Mantha ayamba kundigwira.

Lachinayi

Lero linali tsiku la laimu.

Kumsika akuti tsopano ndi mzimayi.

Asing'anga ayankha. Tindowe tija akuti si ndowe, maso a anthu wamba ndiwo akuona choncho. Pansi pa golo pali nyanga. Ikapanda kufukulidwa, goloboyi wathu adzaona mipira itatu nthawi imodzi, ndipo adzagwira yolakwika.

Dzuwa lisanakwere masapota afika. Makasu, mapiki, mafosholo. Ndaima pagolo, ndatambasula manja, ndati ayambe akumba ine. Andinyamula mwaulemu ndithu, n'kukandikhazika pansi pa bulugamu. "Pumulani madala, ntchito iyi ndi yathu."

Ndaonerera. Kapinga amene ndinkabzala kamtsitsi kamodzikamodzi, amene ndakhala ndikukangana ndi eni mbuzi chifukwa cha iye, amene ana a sukulu amadziwa kuti sapondapo ndi njinga, akutembenuzidwa ngati mkeka wakutha. Akuimba nyimbo uku akukumba. Ntchito akuigwira ndi mtima wonse, anthu omwe sananyamulepo ndowa imodzi kundithandiza.

Zomwe afukula:
— chidendene cha nsapato
— botolo losweka
— fupa la ng'ombe
— chivundikiro cha poto

Zonsezi ndinakwirira ndine kalekale, podzaza chigwembe chomwe chinali pamenepo. Chilichonse chikatuluka, nthungululu! Fupa aliyendetsa msika wonse pa ndodo.

Nyanga sinapezeke. Ndiye akuti yathawira pagolo pakumunsi. Akakumbanso kumeneko. Pomaliza athira madzi a mchere ponse pawiri, kutsirika. Mchere! Pa kapinga!

Ndathamangira kutauni, ku ofesi kwa a Mhango. Mesenjala akuti ali ku wekishopu ku Mangochi, abwera mawa usiku. Ndamufunsa kuti wekishopu ya chiyani. Akuti ya kasamalidwe ka malo.

Ndalira. Ndilembe poyera: ndalira, m'minibasi, mpaka kondakitala wandifunsa kuti wamwalira ndani.

Kuyambira lero masapota azigona pabwalo, kulondera.

Mayi a kunyumba akuti: "Chitenje changa chadzaza chisoso. Mukapitiriza, anthu adzati mfitiyo ndine."

Lachisanu

Alonda asonkha moto pakati penipeni pa bwalo. Pa senta! Ng'oma, nyimbo, kachasu, mpaka kucha. Akalulu, poti si opusa, sanabwere.

A Namacha andilandira akumwetulira. "Mwaona? Tangolondera tsiku limodzi, dzenje latsopano palibe. Akalulu anu aja apita ku holide?"

Tsiku lonse ndakhala ndikubweza dothi. Wilibala yobwereka, tayala lophwa, dzuwa likuswa mtengo. Ndikakwirira uku, wina akufukula uko, akuti wamva pansi pakulira ngati mtsuko. Wondithandiza palibe. Osewera athu akupangira treningi kusukulu, kochi akuti safuna mwana athyoke mwendo. Wandidutsa pamsewu osandipatsa moni, ngati ndakumba ndine.

Ndayesa kutsuka mchere ndi madzi. Kapinga wotsala wayamba kale kufiira. Ndimamuyang'ana ndi kumva ngati ndamusiya yekha m'chipatala.

Komabe zitheka. Nditakwirira zonse, kupondaponda, kuwaza udzu wouma pamwamba, kujambula mizere yonenepa, mwina akuluakulu a chikho angati bola. Ku Bangweko nakonso si kapeti. Koma masapota sasiya kukumba asanakhulupirire. Mawu akanika. Tindowe takanika. Chatsala n'chimodzi: kalulu weniweni, wogwirika ndi manja, ndimuike pamapazi pa a Namacha aone okha zikhadabo zake zili ndi dothi.

Pulani yatsopano:
— m'bandakucha, alonda atagona ndi kachasu wawo
— kudzera kukhwawa, kumene kuli mauna awo
— tochi kuimangirira pamfuti ndi mphira (bwanji sindinaganize zimenezi Lachiwiri?)
— kutenga khasu, kuti ndikangomaliza ndiyambe kukwirira

Tizipolopolo tatsala tochepa.

Mayi a kunyumba akuti: "Bwezani mfuti ya achimwene, mugone ngati amuna a anzanga." Chakudya chandikanika.

Loweruka

Ndapha!

Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa chabwino cha lero ndi chokhacho. Kum'mawa kukuyamba kuyera, m'mphepete mwa khwawa, ndaloza woyera wa kumanja, wagwa wakuda wa kumanzere. Gogo uja. Alamu sananame.

Chimwemwe chandipusitsa. Ndamugwira makutu, khasu paphewa, mfuti kukhwapa tochi ikuyakabe, chitenje ndaiwala kuvula, ndathamangira pagolo pakumtunda ndikufuula kuti dzukani muone.

Adzuka. Aona.

Kenako a Namacha, mawu ali pansipansi: "Kalulu wakuda. Mumati mumukwirire pati, a Galaundi?"

Ndafotokoza. Ndakweza kalulu m'mwamba, ndaonetsa zikhadabo. Palibe wayang'ana zikhadabo. Onse akuyang'ana magazi akudontha pamzere wa golo, ndi khasu. Wina wandivula chitenje: "Ndi mzimayi uja!" A Namacha akumbukira saka la ku Limbe. Wina wakumbutsa kuti akazi anga kwawo ndi ku Bangwe, zomwe akhala akuzidziwa chikwatireni. Wina akuti n'chifukwa chake ndinkakaniza kukumba. Zonse zalumikizana bwinobwino, moti ndikanakhala mmodzi wa iwo nanenso ndikanakhulupirira.

Sanandimenye kwenikweni. Makofi pang'ono, kukankha, "Wogulitsa gemu!" Chowawa n'choti ondimenyawo ndinkawapopera mpira ali ndi mamina.

Phokoso ladzutsa Mayi Gondwe. Atulukira ndi gauni yogonera, apyola gulu, ayang'ana kalulu. "Ameneyu ndi wanga, ndikumudziwa khutu." Amulanda, apita naye. Anthu akuti aona, mpaka kuba ziweto za amasiye kuti akachitire zamatsenga. Ndiye umboni palibe, ndiwo palibe.

Dzuwa litakwera a Mhango afika pa galimoto ndi akuluakulu a chikho. Ena sanatsike n'komwe. Mmodzi watsika, wayenda pang'ono, nsapato yatsalira m'matope a mchere. Waima ndi mwendo umodzi, wayang'ana uku ndi uku. "Kodi pano pagwa bomba?"

Gemu ku Bangwe.

A Mhango anditengera pambali. "Ine ndikudziwa kuti ndi akalulu, a Galaundi." Mtima wanga unati myaa. "Koma anthu akwiya, ndipo abwana ogula chikho akufuna mavoti a anthu omwewa chaka chamawa. Musapondenso pabwalo until further notice. Kiyi wa kashedi ndipatseni."

Ndapereka. M'kashedimo muli laimu wanga, chingwe changa choyezera mizere, ndi pampu.

Mfuti atenga a Namacha, akuti asing'anga akaione. Alamu ndikawauza chiyani?

Lamulungu

Ndadzuka m'mamawa, ndatenga ndowa, ndafika pakhomo, ndakumbukira. Ndaibweza.

Kutchalitchi benchi yonse yanga ndekha. Sindinakhalepo motakasuka chotere. Abusa alalikira za Yudasi, mwezi wa Okotobala.

Masana malole anyamula amuna onse a dera lino kupita ku Bangwe. Kwatsala amayi, nkhuku ndi ine. Ndakhala pakhonde, pomwe bwalo limaoneka pakati pa nyumba za aneba. Mitambo yakuda yaunjikana cha ku phiri la Ndirande. Mphepo ikununkhira mvula.

Woyamba kufika pabwalo anali mayi wa mandasi, ndi chingwe ndi tizikhomo. Kenako Mayi Gondwe. Kenako ena. Akuyenda, akuloza, akukhoma. Malo olimidwa kale, opanda mwini, mvula ili pafupi. Mu tauni muno zimenezo sizigona tsiku. Dzuwa likupendeka, mizere ya chimanga inali itayamba kuoneka cha pa senta.

Tawina. Ziwiri kwa duu. Ndadziwira nyimbo, malole akubwera. Adutsa dala pakhomo panga, chikho chili m'mwamba, akuimba nyimbo yatsopano, dzina langa lilimo. Akuti abwana alonjeza bwalo lina la mpanda kufupi ndi msewu, akadzawina chisankho. Ndiye za lakaleli palibe akufunsa.

Ndasangalala kuti tawina, ndipo zimenezo zikundinyansa. Tikanaluza akanagenda nyumba, koma mwina mmodzi akanakayika. Pano a Namacha analondola mpaka kalekale.

Kusanade mayi a kunyumba aima pakhomo, chitini cha mbewu chili m'manja. Sakundiyang'ana kumaso.

"Anzathu akugawana. Tikachedwa titsala ndi pa mchere. Inu anakuletsani kupondapo, ine sanandiletse. Khasu lili kuti?"

Ana akufuna kudya, ndipo ufa wa kumsika ukukwera sabata iliyonse.

Ndawapatsa khasu. Ndawauza kuti asalimbane ndi pagolo, nthaka yapsa. Apite ku kona ya kum'mawa, kufupi ndi khwawa. Kumeneko miyala ndinachotsa yonse.